Mpeni wa Kuwala ndi Khosi la Domingas

Alamu anga a Martinho anali munthu wa pakamwa. Ulimi wawo unali wongoti bola, nyemba zawo zinkamera ngati zikuchita manyazi, koma pakamwa Mulungu anawapatsa osayeza. Sindikunena ndi chidani ayi. Anakwatira mng'ono wanga Domingas nadzamanga nyumba kwathu, mbali ya Lifidzi, ndipo khomo lawo ndi langa, ine Olinda, anayang'anana zaka zonsezo. Ndiye ufulu wowanena ndili nawo.

Chimene chinawatchukitsa chinali kulankhulira sinema. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ku misau, mishoni ya kwathu, kunali mzungu wina wokalamba, wosakhala wansembe, amene tinkangowatcha a Irimau. Iwowa anali ndi makina a sinema ndi kamotolo kake kopereka magetsi. Mwa apo ndi apo, Lamulungu tikaweruka misa, ankapachika nsalu yoyera m'nyumba yosungiramo chimanga n'kutseka mazenera ndi masaka. Tinkaonera dzuwa likali m'mwamba, chifukwa atropa, asilikali a Apwitikizi, sankafuna kuti anthu azisonkhana kukada. Vuto linali chilankhulo. Azungu a m'sinemamo ankalankhula zakwawo zimene ngakhale a Irimau sankamva, ndipo malemba a Chipwitikizi ankathamanga m'munsi mwa nsalu munthu asanawerenge mawu awiri. Choncho a Martinho ankaima pambali pa nsaluyo ndi bango m'manja, n'kumatiuza zimene zikuchitika.

Kunena zoona, iwonso sankamvapo kanthu. Fita, ndiye kuti filimuyo, sankayamba aionera, ankaionera limodzi ndi ife. Ankangoyang'ana nkhope za anthuwo n'kumapeka. Mzungu aliyense wonenepa ankasanduka a Cassimiro ogulitsa nkhumba m'mudzi mwathu, mkazi aliyense wolongolola ankasanduka ine. Tonse tinkadziwa kuti akupeka, komabe sinema yopanda a Martinho panalibe woifuna. Tsiku lina atagona ndi chimfine, anthu anatuluka fita ili pakati.

Chaka chimene ndikunenachi, Domingas anali ndi chithokomiro. Kumapiri kwathu kuno chotupa cha pakhosichi si chachilendo. Akazi ambiri amakalamba nacho, amangochiphimba ndi mikanda. Koma chake, chibadwire mwana wake wachitatu, mng'ono wa Rufina mwana wawo woyamba, chinayamba kukulira mkati. Mpweya unkatuluka ndi kamluzu. Mtsuko anasiya kusenza, pochokera kudimba ankapumira panjira kangapo, ndipo ankagona atakhala tsonga, atatsamira thumba la chimanga. Ine ndinkachita mantha, ndipo mantha anga amatulukira mu ukali, kotero ndinkamukalipira tsiku ndi tsiku ngati anachita kufuna.

A Madre, sisitere wa kuchipatala cha misau, anati mankhwala akumwa sangathandize, pafunika operasau, kuchidula n'kuchichotsa. Dotolo wa ntchito imeneyo ankachokera ku Tete kudzagwira ku Vila, tauni ya boma lathu, kamodzi pa chaka, mvula isanayambe. Ukamuphonya, udikire chaka china. A Madre anandikokera pambali n'kundiuza kuti chaka chinacho Domingas mwina sadzachiona. Chilimwe chonse ndinakhalira kumunyengerera, ine wosadziwa kunyengerera munthu. Amalume athu anavomera, a Martinho anavomera, ndipo potsiriza mwini khosi naye anavomera. Tinagwirizana zokwera galimoto ya misau imene inkatenga odwala kupita nawo ku Vila.

Lamulungu lotsiriza tisananyamuke kunali sinema, ndipo tinapita kuti mtima wake ukaiwaleko. A Irimau analengeza kuti ndi ya moyo wa woyera wina. Koma wina wake ku Vila anasokoneza zitini za mafita, natitumizira fita imene inkapita kwa atropa. A Irimau sanadziwe kanthu, chifukwa akangoyatsa makina ankatuluka kukalera kamotolo kawo, kamene kankazima akakasiya kokha.

Inayamba bwinobwino. Mwamuna wina anali kudya ndi mkazi wake patebulo, nyama ndi vinyo. A Martinho anati uyu ndiye woyerayo asanatembenuke mtima. Kenaka mwamunayo anatuluka panja, ndipo chinthu chachikulu chozungulira chinatsika kumwamba n'kumumeza. A Martinho anati watengedwa ndi angelo. Koma m'chinthucho munalibe angelo. Munali anthu ataliatali ovala zoyera, atamanga nsalu kukamwa, maso okha akuoneka. Anamugoneka patebulo lachitsulo. Pamwamba pake panatsika kachitsulo konga cholembera, ndipo m'kachitsulomo munatuluka kuwala kofiira, kowonda ngati ulusi. Kuwalako kutangokhudza pakhosi pake, khungu linatseguka lokha, kutsika mpaka pachifuwa, kautsi kakufuka. Magazi sanatuluke ngakhale dontho. Mmodzi anapisamo dzanja, natulutsa chinthu chikugunda, nachiika m'botolo. Kenaka anamuveka mkanjo woyera, ndipo mwamunayo anadzuka, maso ali tong'o, osaphethira.

Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Koma alamu anga anaona kuti nyumba yonse yati zii ndi mantha, ndipo zimenezo kwa iwo zinali ngati mowa. Za woyera uja anazitaya.

"Onani, abale anga," anatero atatsitsa mawu. "Awa ndiwo madotolo a masiku ano. Mipeni anaisiya kalekale, amadula ndi kuwala. Amayambira pakhosi. Sumva kuwawa, sutaya magazi, koma ukadzuka si iwenso ayi. Kunyumba kumabwerera thupi lokha."

Ndinatembenuka kuyang'ana Domingas. Dzanja lake linali pakhosi.

Sanadikire kuti tifike kunyumba. Tili panjira ananena kuti ku Vila sapita. Ananena modekha, ndipo ndinadziwa kuti zavuta, chifukwa Domingas akakwiya umatha kumugonjetsa, koma akadekha ndiye usavutike. Anatikumbutsa kuti pamene a Madre anamutumiza ku Vila kukayezedwa, amene anamuyezayo anali ndi kanyali pamphumi ndi nsalu kukamwa, chimodzimodzi aja a m'sinema. A Martinho anayamba ndi kuseka, kenaka kulumbira, kenaka kugwada pafumbi.

"Amake Rufina, inu simundidziwa ine? Ndapeka zonsezija."

"Mawu mwapeka," anatero Domingas. "Nanga zithunzi mwapekanso? Ndaona ndi maso angawa. Ngati n'kufa, ndife ndili ine, ana anga andiike akundidziwa."

Sanali yekha. Bambo wina wa ng'ala m'maso, amene anayenera kukwera galimoto yomweyo, anauza mdzukulu wake kuti amutsogolere kwa abale ake ku Kalomwe mpaka dotolo atabwerera kwawo. Bamboyo sinema sanaione n'komwe, maso analibe, anangomva mawu a alamu anga. A Madre anabwera pakhomo kudzafotokoza kuti mpeni wa kuwala kuchipatala kulibe. A Irimau anabweranso, chipewa chili m'manja, nati anthu aja ndi amasewero chabe, chifuwa chija ndi chidole. Domingas anawayalira mphasa, anawamvetsera mwaulemu, ndipo atapita anati nanga azungu angaululane okhaokha.

M'mawa mwake ndinawatsata a Martinho kudimba. Zimene ndinawauza sindingazilembe zonse. Ndinawakumbutsa kuti ndi mkamwini, kuti nthaka imene aimapo ndi ya amayi athu, ndi kuti mng'ono wanga akafa ndi chotupacho adzanyamula bango lawo kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ndinkayembekeza kuti abweza, poti chilamu chathu chinali cha kubayana ndi mawu. Sanabweze. Anangoima ndi khasu, maso atafiira ndi kusagona. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsa koposa.

Tsiku lotsatira anafika pakhomo panga ndi nzeru. Anati makina a a Irimau ali ndi kachitsulo kamene ukakakankha, fita imayenda chambuyo zithunzi zikuonekabe.

"Alamu, tangoganizani," anatero. "Kuwala komwe kuja kutseka bala. Amubwezera mtima wake, adzuka, abwerera kwa mkazi wake ali bwinobwino. Mantha analowera m'maso, tiwatulutsire momwemo."

Ndinawauza kuti chibadwire sindinamve nzeru yopusa chotero, ndi kuti Domingas si mwana. Koma ine yangayanga ndinalibe, ndipo galimoto inali pafupi kunyamuka. A Irimau, amene anali ndi manyazi aakulu ndi fita ija, anavomera msanga. Domingas ndinamuuza zoona zake, sindinamunamize. Anati apita, osati kuti akasinthe maganizo, koma kuti akaone mwamuna wake akudzichititsa manyazi.

Tinapangana kuti tikakhale ife tokha a pabanja. Koma chinsinsi chosungitsa a Martinho chimafika kumsika mwini wake asanafike. Titafika masanawo, nyumba inali itadzaza, ana atakwera pamasaka a chimanga, a Cassimiro a nkhumba aja atakhala kutsogolo kwenikweni. Mbiri inali itamveka kuti lero azungu ayenda chambuyo.

Makinawo akamabwerera satulutsa mawu, ndiye munkangomveka kulira kwa fita. Mwamuna wa maso osaphethira uja anabwerera chambuyo nagona patebulo. Ovala zoyera anamuvula mkanjo, natenga chinthu chogunda chija m'botolo, nachiika m'chifuwa mwake mosamala. Ndiyeno kuwala kofiira kunayambira pachifuwa kukwera pang'onopang'ono, utsi ukubwerera m'thupi, khungu likulumikizana m'mene kwadutsa, mpaka pakhosi, pomwe kunazima. Sipanatsale ndi chipsera chomwe. Ndivomere, zinali zokongola, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga. A Martinho ulendo uno sanakokomeze. Anangoloza ndi bango nati, "Mwaona, amake Rufina, akumubweza kwawo." Domingas anali atapinda manja, nkhope yosasonyeza kanthu.

Akanazimitsa pomwepo, koma a Irimau anali panja ndi kamotolo kawo, ndipo fita inapitirira. Chinthu chozungulira chija chinamulavula mwamunayo, iye analowa m'nyumba motsogoza msana, nakhala patebulo. Kenaka anapisa foloko m'kamwa, natulutsa nthuli ya nyama yathunthu, naiika m'mbale. Anatulutsanso ina. Analavulira vinyo m'chikho, ndipo vinyoyo anakwera yekha kulowa m'botolo limene mkazi wake anagwira.

Alamu anga anayesetsa. Ndi nkhope ya pamaliro anati munthuyu wachira, tsopano akubweza chakudya kwa mkazi wake posonyeza kuthokoza. A Cassimiro anayankha kutsogoloko kuti atapeza makasitomala otero nkhumba imodzi angaigulitse chaka chonse. Phwete linaphulika. Ana anagubuduka pamasaka, amayi achikulire anagwirana mapewa. Ndipo pambali panga ndinamva Domingas akuseka, kuseka kwenikweni, mutu atagwetsera kumbuyo.

Kusekako kunaduka pakati. Kamluzu kaja kanalira kamodzi, kenaka zii. Anandigwira mkono, maso atatuzula, kukamwa kuli yasa koma mpweya osalowa. Ndinakuwa. Tinamunyamula kutuluka naye padzuwa, wina anathamangira a Madre. Milomo yake inali itayamba kutuwa. A Madre anamukhazika tsonga, namuweramitsa pang'ono, n'kumamulankhula mofatsa kuti asalimbane nawo mpweya, aulole ubwere wokha. Ine ndinali nditagwira mapazi ake ndikupemphera zosalongosoka. Ndinaganiza kuti watisiya pomwepo, pafumbi, chifukwa cha nthuli ya nyama ya mzungu. A Martinho anagwada pambali.

Kamluzu kanabwerera, kenaka mpweya pang'onopang'ono. Anthu anali atatizinga. Domingas atapeza mawu anayang'ana ine.

"Achemwali, alamu anuwa n'chitsiru. Sinema yawoyi ndi yabodza, kutsogolo ndi kumbuyo komwe."

Ndinati ndikudziwa.

"Koma ine ndinali ndisanamalize kuseka." Anagwira chotupacho, osati mochisisita monga ankachitira masiku onse, koma mochitsina. "Chinandilanda mtsuko, ndinakhala chete. Chinandilanda tulo, ndinakhala chete. Ndiye chifike pondidula kuseka pakati? Akachichotse. Kaya ndi mpeni, kaya ndi kuwala kwawoko, akachichotse basi."

Musaganize kuti mantha anamuchoka. M'galimoto ya ku Vila anandigwira nsalu njira yonse, ndipo atropa atatiimitsa pa mlatho kuti aone amene akwera, anandinong'oneza kuti bola atibweze. Sanatibweze. Bambo wa ng'ala uja analiponso m'galimotomo. Atamva kuti mkazi wa mwini bodza akupita, anabwerako ku Kalomwe.

Titafika kuchipatala Domingas anakana kugona pabedi mpaka amuonetse chimene amudulire. Bambo wina wothandiza dotolo, wolankhula Chinyanja chathu chomwechi, anapita nabwera ndi kambale kachitsulo. Munali kampeni kochepa kuposa kamene timasendera mbatata ya kachewere. Domingas anakayang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti wakhumudwako pang'ono. Anafunsa ngati kanoledwa mokwanira, poti iye ntchito yobwereza saifuna. Bamboyo anamasulira kwa dotolo, ndipo dotolo analonjeza kuti akanolanso yekha.

Tinadikira panja, ine ndi alamu anga, pansi pa mtengo wa bulugamu. Kutalika kwa tsiku limenelo sindifuna kukukumbukira. Chakumadzulo bambo wothandiza dotolo uja anatuluka natiuza kuti chotupa chachoka ndipo wodwala wadzuka. Apo a Martinho, amene anapeka bodza lonselo ndi pakamwa pawo, anafunsa monong'ona ngati wadzukayo ndi Domingas yemwe uja. Bamboyo anati iye sakudziwa, koma mayiyo mawu ake oyamba afunsa ngati mwamuna wake anakumbuka kusiyira ana ufa kapena anangowasiyira nkhani. A Martinho analira osabisa nkhope. Ndinawasiya alire, sindinawaseke, ngakhale mpata unalipo wabwino.

Dotolo analamula kuti khosi lisagwedezeke mpaka ulusi utachotsedwa. Asatsokomole mwamphamvu, ndipo asaseke. Ndiye ine ndinaika lamulo langa, loti a Martinho akalowa m'chipindamo azitseka pakamwa. Anamvera. Ankakhala kumiyendo kwa bedi, milomo atafinya, masaya atatupa ndi mawu, ndipo nkhope imeneyo inali yoseketsa kuposa nkhani zawo zonse. Domingas ankangotseka maso n'kuloza chitseko kuti atuluke.

Tinabwerera kumudzi ali ndi chipsera chachitali chopingasa khosi, chosakongola konse. Akazi anabwera kudzachiona, ena kudzachigwira, ndipo awiri a zithokomiro anafunsa kuti dotolo adzabweranso liti. Mpweya unkalowa bwino. Anayamba kugona chagada, kamluzu kanatheratu. Koma mawu anali atasasa, ndipo ankachita zonse mosamala ngati wasenza mazira. Wina akanena choseketsa ankangomwetulira, dzanja lili pachipsera. Ankaopa. Ndinazindikira kuti nanenso ndikuopa, chifukwa nkhani ikayamba kukoma ndinkaisintha dala, ndipo alamu anga akatsegula pakamwa ndinkawayang'ana ndi diso loti samalani. Mvula inagwa, tinabzala, chimanga chinafika m'mawondo zinthu zikali choncho.

Tsiku lina m'mawa ndikupalira kuseri kwa nyumba yawo, ndinamva a Martinho akufotokoza kanthu m'katimo. Sindinamve kuti n'chiyani. Kenaka Domingas anayamba kuseka. Ndinaimika khasu. Kusekako kunakwera, kunakwerabe, ndipo ine ndinaima pamzere mtima uli m'mwamba, miyendo itakonzeka kuthamanga, ndikudikira pamene kudukire. Sikunaduke. Kunapitirira mpaka kunatha kokha, pang'onopang'ono, ndi kuusa moyo kumapeto kwake. Kenaka ndinamumva akuuza mwamuna wake kuti asiye bodza, apite akamasule mbuzi.